Kalata kwa atsogoleri a kumanzere: zipolopolo za pa Durban zija mukanatsitsa kapena ayi?

Akuluakulu, makomuredi, inu nonse amene mukutsogolera zipani za sosholizimu, mayuniyoni a anthu apantchito ndi mabungwe amene amati akulimbana ndi utsamunda watsopano,

Landirani moni wanga. Ine ndi membala wamba, wa kumchira kwenikweni, uja amasonkha ya mwezi ndi mwezi osajomba kenako nkumatsala akukunjika mipando inu mutakwera kale magalimoto, nde musayembekezere mawu akuluakulu aja mumakonda kuponya pa maikolofoni. Ndalemba poyera dala chifukwa makalata a mu envulopu tinatumiza kale ambirimbiri ndipo tikudziwa kuti amakagona mu dirowa ya mlembi wamkulu mpakana chiswe chiwapeze.

Ndiyambe ndi sitima ija. Mu April 2008 sitima yapamadzi ya ku China yotchedwa An Yue Jiang inafika pa doko la Durban itasenza zida zopita ku boma la Zimbabwe, zipolopolo za AK-47 pafupifupi 3 miliyoni, maroketi ndi mabomba. Nthawi imeneyo anthu a ku Zimbabwe anali atavota pa 29 March koma zotsatira za upulezidenti zikubisidwabe, masabata akungopita, kumidzi anthu ayamba kale kumenyedwa kamba kovotera otsutsa. Boma la South Africa linali litapereka chilolezo choti katunduyo adutse, mapepala onse ali bwinobwino. Koma anthu ogwira ntchito pa doko paja, mamembala a yuniyoni ya SATAWU, anati ife izi sitigwira ndipo madalaivala athu a mathiraki sanyamula. Bishopu wa Anglican Rubin Phillip nkuthamangira kukhoti, khoti la ku Durban nkuletsa zoti zidazo ziyende pamsewu, sitima nkuzula nangula kuthawa, uku mayuniyoni a mmadoko a maiko oyandikana akuimbirana mafoni kuti ikatulukira kwanuko musaikhudze.

Tsono taiyang'anani bwino nkhaniyi. Sitima yachokera ku dziko la mbendera yofiira. Zida zikupita kwa boma limene mtsogoleri wake kukacha amatukwana Britain, kukada amatukwana America. Chilolezo chasainidwa ndi boma la chipani chomwe chinagwetsa apartheid. Pa mabuku anu onse atatuwa ndi "athu". Koma munthu wa pa doko uja za mtundu wa mbendera analibe nazo ntchito, iye anangofunsa kuti chipolopolo chimenechi chikalowa mthupi mwa ndani, yankho nkukhala loti mwa mphunzitsi, mwa mlimi, mwa wapantchito mnzake wa ku Zimbabwe. Nde ndikufunseni, mukanakhala inu tsiku limenelo mukanatsitsa kapena ayi? Chifukwa mmene ndikukuonerani masiku ano ambiri a inu mukanayamba mwaitanitsa komiti, komiti nkusankha kakomiti kena, kakomitiko nkutulutsa sitetimenti yoti tikuitsatira nkhaniyi mwachidwi, uku makontena akutsika mmodzimmodzi.

Umodzi umene tinaphunzitsidwa ife unkapweteka mthumba. Ku Dublin pa 19 July 1984 mtsikana wa zaka 21, Mary Manning, yemwe ankagwira pa tilu mu sitolo ya Dunnes, anakana kugulitsa zipatso ziwiri zochokera ku South Africa chifukwa yuniyoni yake inali italamula kuti katundu wa apartheid asagwiridwe. Zipatso ziwiri basi. Anamuimitsa ntchito, anzake pafupifupi 10 nkutuluka naye limodzi, ndipo anaima panja pa sitolo ija mvula ndi chisanu zikuwathera pathupi kwa zaka ziwiri ndi miyezi 9, akulandira mapaundi 21 pa sabata, mpakana boma la Ireland linaletsa zipatso ndi ndiwo zamasamba za ku South Africa kulowa mdzikomo mu 1987. Atayesa kupita kukadzionera okha mu 1985 anawatsekera pa eyapoti ya Johannesburg mfuti zili mmanja nkuwakweza ndege yobwerera. Inde lamulo linachokera ku ofesi ya yuniyoni, sindikukana, koma amene anasowa ya lendi ndi atsikana a pa tilu aja.

Ku East Kilbride ku Scotland nakonso, mu 1974, amakaniko a pa fakitale ya Rolls-Royce anaona kuti mainjini amene abwera kudzakonzedwa ndi a ndege za Hawker Hunter za asilikali a ku Chile, mtundu womwe uja unaphulitsa nyumba ya boma ya La Moneda pa 11 September 1973 tsiku limene pulezidenti wa sosholisiti Salvador Allende anagwetsedwa. Anakana kuwagwira. Mainjini anakhala panja mmabokosi zaka zinayi akudyedwa ndi dzimbiri. Ndipo mukabwerera mmbuyo kwambiri, mu December 1862 anthu opota thonje ku Manchester, mafakitale atatseka ana akugona ndi njala chifukwa thonje lolimidwa ndi akapolo ku America linasiya kubwera, anasonkhana nkulembera pulezidenti wa America Abraham Lincoln kuti pitirizani nkhondoyo mpakana ukapolo uthe. Munthu m'mimba mulibe kanthu koma akuti thonje limenelo lisabwere. Paja akulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, awa ankazimira munthu amene sanamuonepo nkhope ndipo sadzamuona.

Nanga atsogoleri? Apa nde pamene mbiri yathu imanunkha, ndipo ndi mbiri imene simukonda kuiphunzitsa ku masemina. Zipani za sosholizimu za ku Ulaya zinakumana ku Stuttgart mu 1907 ndi ku Basel mu 1912 nkulumbira kuti wapantchito sadzawombera wapantchito mnzake chifukwa cha mafumu ndi eni mabanki, mfundo zokoma zedi zoti ukawerenga tsitsi limaima. Itafika 4 August 1914 aphungu a chipani cha SPD ku Germany, chipani chachikulu kuposa zonse nthawi imeneyo, anavotera ndalama za nkhondo, a ku France nawo chimodzimodzi. Mu December chaka chomwecho phungu wa SPD Karl Liebknecht anaimirira yekhayekha mnyumba ya malamulo kukana, mnzake wotsutsa nkhondo Rosa Luxemburg nkuthera zaka zambiri za nkhondoyo mndende. Masitetimenti analipo, osainidwa bwino, chimene chinasowa ndi msana. Ndipo ku Stuttgart komweko kunali makomuredi ena amene ankati utsamunda si woipa bola auyendetse ndi asosholisiti, ganizo limenelo linagonja ndi mavoti ochepa chabe, tangoganizani. Mu 1956 nduna yaikulu ya France inali Guy Mollet, wa sosholisiti, ndipo ndi iye anapempha mphamvu zapadera zokathira nkhondo ku Algeria, chipani cha Komyunisiti nkumuvotera. Choncho inu makomuredi a maiko olemera mukamabwera kudzatiphunzitsa za umodzi muzibwera chipewa chili mmanja.

Musandimve molakwa, sindikuti utsamunda unatha ayi. Ndikudziwa pali ena akangomva munthu akudzudzula "athu" amathamangira kunena kuti wagulidwa ndi azungu, wadya za CIA, kkkk ine olo foni yabwino ndilibe. Utsamunda ulipo ndipo umapha. Patrice Lumumba, nduna yaikulu yoyamba ya Congo, anaphedwa pa 17 January 1961 asanathe ndi chaka chomwe pampando. Kwame Nkrumah wa ku Ghana anachenjeza mu 1965 kuti mbendera mutha kukhala nayo yanu koma chuma chikuyendetsedwa kunja, February 1966 asilikali nkumugwetsa ali paulendo. Thomas Sankara, mtsogoleri wa Burkina Faso, anaima pamaso pa atsogoleri anzake ku Addis Ababa mu July 1987 kuwapempha kuti tikane limodzi kubweza ngongolezi, nkuwauza poyera kuti Burkina Faso ikakana yokha iyeyo pa msonkhano wotsatira sadzakhalapo. Anzake anaseka, ena kuwomba mmanja. Pa 15 October chaka chomwecho anamuwombera. Lero ku IMF America payokha ili ndi mavoti opitirira 16 peresenti pamene mfundo zikuluzikulu zimafuna 85 peresenti kuti zidutse, kutanthauza kuti dziko limodzi likangopukusa mutu basi zathera pompo, pamene maiko onse a mu Africa kuwaphatikiza safika ndi 7 peresenti yomwe. Zambia inalephera kubweza ngongole mu November 2020, Sri Lanka ndi Ghana mu 2022, ndipo mankhwala ake ndi omwe aja a zaka za m'ma 1980, chepetsani ndalama za boma, chotsani sabuside, gwetsani ndalama yanu. Cobalt wambiri wa mmabatire a mafoni ndi magalimoto amagetsi amakumbidwa ku Congo, koma pitani mukaone mmene wokumbayo amagonera. Zonsezi ndikuzidziwa ndipo ndi zimene zinandilowetsa mgululi.

Ndikudziwanso kuti maboma nawo anathandizapo zenizeni. Cuba inatumiza asilikali ku Angola kuyambira 1975, oposa 2,000 anafera konko, ndipo nkhondo ya ku Cuito Cuanavale ya 1987 mpaka 1988 inathandiza kutsegula njira yoti Namibia ilandire ufulu pa 21 March 1990, nchifukwa chake Nelson Mandela atatuluka mndende anapita ku Cuba mu 1991 kukathokoza. Ebola itavuta mu 2014 Cuba yomweyo inatumiza madotolo ndi manesi oposa 200 ku Sierra Leone, Liberia ndi Guinea. Njanji ya TAZARA, makilomita 1,860 kuchoka Dar es Salaam kufika Kapiri Mposhi, anamanga ndi China pa ngongole yopanda chiwongoladzanja azungu atakana, kuti kopa wa Zambia asamadutsenso ku Rhodesia kwa Ian Smith. Amene amaiwala zimenezi ndi wosayamika.

Koma kuyamika kumeneku mwakusandutsa chotsekera pakamwa. Pa 16 August 2012 apolisi anawombera ndi kupha anthu 34 ogwira ntchito mu mgodi wa kampani ya Lonmin ku Marikana ku South Africa, anthu amene ankangofuna malipiro a R12,500 pa mwezi. Boma linali la chipani cha ufulu, mu mgwirizano wake muli chipani cha Komyunisiti ndi chitaganya cha mayuniyoni, ndipo Cyril Ramaphosa amene anali mlembi wamkulu woyamba wa yuniyoni ya mmigodi ya NUM mu 1982 anali atakhala mu bodi ya kampani yomweyo. Ngati kuti sizinakwane, anzawo 270 amene anapulumuka anayamba awatsegulira mlandu wopha anzawo omwe anawomberedwa ndi apolisiwo, mpaka anthu atakuwa ndi pamene mlanduwo anauchotsa. Zikanachitika pansi pa boma la azungu tikanadzaza misewu kuyambira London mpaka Havana. Koma poti anali athu ambiri a inu munayamba chibwibwi, ena mpaka kumanena kuti ogwira ntchitowo anasocheretsedwa. Za ku Matabeleland ku Zimbabwe kuyambira 1983, pamene gulu la asilikali la Fifth Brigade lophunzitsidwa ndi North Korea linapha anthu masauzande, nazonso munadutsa ngati simunaone. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka eti? Mkazi wamasiye wa ku Marikana mukamuuze kuti chipolopolo chinapha mwamuna wake chinali cholimbana ndi utsamunda, muone ngati angakupatseni mpando.

Matenda ake ndi oti mwayamba kuwerenga dziko ngati ligi ya mpira, timu iyi ndi yathu timu iyo ndi yawo, nde aliyense amene wakangana ndi Washington basi wasanduka komuredi olo kwawo atatseka mayuniyoni, olo atamanga atolankhani, olo kampani yake ikulipira anthu athu mmigodi ndalama zonyoza. Bwana ndi bwana basi, kaya wachokera ku Toronto kaya ku Shanghai kaya ndi mwana wa mlongo wake wa pulezidenti. Ndipo kusankha maliro olira kwafika poipa. South Africa itatengera Israel ku khoti la dziko lonse ku The Hague mu December 2023 pa za Gaza tinanyadira tonse ndipo mpake. Koma Sudan ili pa nkhondo kuyambira April 2023, anthu mamiliyoni athawa mmakomo mwawo, kummawa kwa Congo anthu akhala akufa zaka pafupifupi 30, a ku Western Sahara akudikirabe referendamu imene analonjezedwa mu 1991, koma pa ajenda zanu zimenezi zimabwera kumapeto anthu atayamba kale kusuzumira mawotchi. Ndipo mu May 2008, patangotha mwezi umodzi chichitikireni za sitima ija, anthu oposa 60 anaphedwa mu South Africa momwemo pa zipolowe zothamangitsa obwera, osauka kupha osauka anzawo. Pamenepo nde pamene ntchito yathu inalephera, chifukwa ngati munthu wa mkomboni akuona kuti mdani wake ndi wogulitsa tomato wochokera dziko loyandikana ndiye kuti maphunziro athu onse aja sanatuluke mu holo.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso angawa. Chaka china munandituma nawo ku msonkhano wa umodzi wa maiko, mwina poti amene amayenera kupita anadwala. Hotela yake sinditchula. Tinakhala masiku atatu mu chipinda chozizira bwino, aliyense kabaji pakhosi, botolo la madzi patsogolo, ndipo tsiku lomaliza tinatha kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka tikukangana ngati mu sitetimenti tilembe kuti "tikudzudzula" kapena "tikudzudzula mwamphamvu", magulu awiri otsatira mfundo za Trotsky, mkomyunisiti wakale wa ku Russia, atakwiyirana mpaka lina kutuluka panja, koma onse pamodzi osakwana minibasi imodzi. Pa nthawi yopuma ndinacheza ndi mayi wina amene ankatolera makapu, nsapato yake inali yomangidwa ndi kawaya chakuchidendene. Ndinamufunsa ngati ali mu yuniyoni, anayamba wayang'ana uku ndi uku kenako nkundinong'oneza kuti kuno ukangotchula mawu amenewo mawa usabwerenso, iwo onse ndi aganyu, kontirakiti imathera pa mwezi, ena agwira chonchi zaka. Anandifunsa kuti kodi msonkhano wanuwu ndi wa chani, ine kuyang'ana chinsalu chathu chachikulu chija cholembedwa zoti apantchito a dziko lonse agwirizane, malovu anauma mkamwa. Nditabwerera mkati ndinakweza dzanja kuti tiikepo mzere umodzi wokha wa antchito a hotela ino, wapampando anati komuredi nthawi yatha, komanso tisawakhumudwitse eni malo atipatsa mtengo wabwino. Kenako tinaimirira kuimba nyimbo, zibakera mmwamba, nkupita pa mzere wa maalawansi.

Chonsecho njira yogwira ntchito tikuidziwa, si zakale zokha ayi. Mankhwala a ma ARV ankagula madola oposa 10,000 pa munthu pa chaka. Bungwe la Treatment Action Campaign (TAC), lomenyera mankhwala a Edzi ku South Africa, linayamba mu December 1998, makampani a mankhwala 39 anali atatengera boma la South Africa kukhoti pofuna kuteteza mapatenti awo, koma odwala a mkomboni ya Khayelitsha ku Cape Town, omenyera ufulu a ku New York, madotolo a bungwe la MSF (Madotolo Opanda Malire) ndi anthu a ku Brazil anagwirana manja kuwachititsa manyazi dziko lonse mpaka mu April 2001 makampaniwo anauthawa mlandu, uku kampani ya Cipla ya ku India italengeza kuti itha kupereka mankhwala omwewo pa madola 350 pa chaka. Ndipo chimene chimandisangalatsa nchoti TAC yomweyo imene inaima ndi boma polimbana ndi makampani akunja inatembenuka nkulitengera boma lomwelo kukhoti, nkuwina mu 2002 kuti amayi oyembekezera alandire nevirapine. Sanati poti ndi boma lathu tikhale chete. Anthu mamiliyoni ali moyo lero chifukwa cha khama limenelo. Ku Bangladesh nyumba ya Rana Plaza itagwa pa 24 April 2013 nkupha osoka zovala oposa 1,100, mayuniyoni a konko pamodzi ndi zitaganya za mayuniyoni a dziko lonse za IndustriALL ndi UNI anakakamiza makampani akuluakulu a zovala kusaina pangano loti akaliphwanya atha kusumiridwa, mafakitale nkuyamba kuyenderedwa.

Nde zopempha zanga si zambiri. Ndalama imene mumathera pa matikiti a ndege ndi mahotela, theka lokha, ikani mu thumba la sitalaka loti anzathu a dziko lina akanyanyala ntchito tiziwatumizira sabata yomweyo ana awo asanayambe kulira njala, chifukwa sitalaka imafa pa sabata yachitatu pamene mwini nyumba wayamba kugogoda, ndipo sitetimenti yanu sangaiphike. Ndipo mutiuze poyera amene amalipira misonkhano yanu, kaya ndi bungwe la chipani cha ku Ulaya kaya ndi embasi ya dziko liti, tidziwe chifukwa chake pa nkhani zina lilime lanu limalemera. Mulumikize anthu a kampani imodzi, wokumba cobalt, woyendetsa thiraki, wa pa doko ndi wa mu fakitale ya mabatire azidziwana maina ndi manambala, osati kudziwana inu nokhanokha alembi akuluakulu. Zolemba zanu muzizimasulira mzilankhulo zimene mamembala amalankhula kunyumba, chifukwa panopa zimangozungulira mu Chingerezi, Chifalansa ndi Chisipanishi chovuta choti olo amene anapita ku yunivesite amayamba watsegula dikishonale.

Chinanso, ndipo ichi ndikudziwa chikuwawani. Mu 1967 Julius Nyerere ndi chipani cha TANU anaika malamulo a utsogoleri ku Arusha, mtsogoleri asakhale ndi masheya mu kampani, asakhale dairekitala wa kampani ya munthu, asalandire malipiro awiri, asakhale ndi nyumba zochititsa lendi. Za Ujamaa, sosholizimu wa Nyerere uja, titha kukangana usiku wonse, kusamutsa anthu mokakamiza kupita mmidzi ija kunali kulakwa ndipo ndimanena poyera, koma lamulo la utsogoleri lija linali ndi nzeru. Ndani mwa inu angalisaine lero? Sankara anagulitsa ma Mercedes a boma nduna nkumayendera Renault 5, inu chithunzi chake chili pa tisheti koma woyendetsa galimoto yanu sanalandire ya ovataimu chiyambire chaka. Amayi nawo mwawasiya pa tebulo lolembetsa maina ndi kuphika tiyi, chonsecho pa Dunnes paja amene anaima pa chisanu ambiri anali atsikana.

Ndipo tsiku limene boma la "athu" lidzawombere anthu apantchito, kaya ndi kuti, ndikufuna sitetimenti yanu ituluke tsiku lomwelo, dzina la boma lilembedwe, dzina la kampani lilembedwe, ngati mmene mumachitira akalakwa a ku Washington.

Msonkhano waukulu ukubwerawu ndidzakhalapo, mzere wakumbuyo pafupi ndi chitseko pamene ndimakhala nthawi zonse. Pa zina ndi zina ndidzakweza dzanja ndipo ndidzafunsa za sitima ya pa Durban ija, mmodzimmodzi ndi dzina lake, kuyambira inu a pampando. Mukadzati nthawi yatha palibe vuto, makiyi a holo amakhala ndi ine, mipando ndidzakunjika mukayankha.

Ndine wanu mu kulimbana,
Membala wa kumchira